Mzere Umene Mphezi Anausuntha

1. Chipinda chopanda zenera

Ku nyumba ya mabuku omvera kunali zipinda zitatu zokha. Choyamba chinali ofesi ya Abwana. Chachiwiri chinali chomveramo, chokhala ndi matebulo asanu ndi atatu, lililonse ndi mahedifoni ake, ndipo ophunzira osaona ankabwera m'menemo akaweruka kusukulu. Chachitatu chinali kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa khonde. M'menemo munkakhala kompyuta yaikulu yosunga mawu onse, ndi mtsikana amene aliyense ankamutcha Mphezi.

Dzinali analipeza chifukwa cha zala zake. Pa kiyibodi panalibe womuposa. Atamaliza sekondale, Abwana anamutenga kuti aphunzire ntchito kwa mmisiri wa makina wa pamalopo, bambo waimvi amene ankatchedwa a Dekhani chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Kunena zoona, mwanayo anali wanzeru. Vuto linali lakuti ankadziwa yekha kuti ndi wanzeru, ndipo matenda amenewa mankhwala ake ngosowa.

Mphezi anali ndi mng'ono wake, womaliza m'banja mwawo, amene ankangomuitana kuti Mzime. Mzime anasiya kuona ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tsopano anali mmodzi mwa ana asanu ndi atatu amene ankakonzekera mayeso omaliza sekondale, ndipo kunali kutatsala milungu inayi. Phunziro limene linkamuvuta linali sayansi. Chiyembekezo chake chonse chinali pa buku limodzi la mitu makumi anayi, limene mawu ake anali m'kompyuta ija.

Amene anawerenga bukulo anali mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, amene ana ankawatcha Mayi a Sayansi. Kuwerenga mawu aliyense angathe. Koma buku la sayansi ladzaza zithunzi, ndipo mayiwa ankadziwa kujambula chithunzi ndi pakamwa. Akafika pa chithunzi cha mtima ankati, “Fumbatani dzanja lanu lamanzere. Chala chachikulucho ndiye mtsempha wotulutsa magazi.” Mwana wosaona n'kuuona mtima bwinobwino.

Ntchitoyi inawatengera miyezi isanu. Mutu womaliza anauwerenga mawu atasasa kale, ndipo patangopita masiku awiri anakagonekedwa kuchipatala kuti akachitidwe opaleshoni yapakhosi. Madokotala anauza abale awo kuti mwina sadzayankhulanso.

Eni bukulo analola kuti liwerengedwe, bola mawuwo asatuluke pakhomo. Choncho panalibe mwana amene anali nawo pa foni kapena kunyumba. Onse anali m'kachipinda ka Mphezi.

2. Chenjezo la a Dekhani

Nkhani yathu inachitika Lachiwiri lina, koma muzu wake uli milungu isanu ndi umodzi m'mbuyo. Nthawi imeneyo a Dekhani anatumidwa ku tauni ina yakutali kukaika makina pa nyumba inanso ya mabuku omvera. Asananyamuke anagula disiki yatsopano yofiira, yoti tsiku lililonse mawu onse azikoperedwapo, kuti disiki yogwirira ntchito ikadzafa pasadzakhale maliro.

Anamukhazika pansi Mphezi, chikwama chawo chaulendo chili pamiyendo.

“Tamvera, mwanawe. Pulogalamu yathu yokopera mawu siidziwa yokha kumene ikasunge. Imafunsa dzina limodzi, KOSUNGIRA. Dzina lotere timaliti variyebulo. Lili ngati envelopu: kunja kwalembedwa dzina, m'kati muli adiresi. Ntchito imene ndikukusiyira ndi yoika adiresi ya disiki yofiirayi mu envelopumo. Ndi mzere umodzi wokha.

“Koma pali malo awiri olembapo mzerewo, ndipo apa ndi pamene anthu amagwera. Ukatsegula windo lakudali lolemberamo malamulo, limene timalitcha shelo, makina amayamba awerenga kafayilo kako koyambira, aka kolembedwa kuti .bashrc. Zimene walembamo amazisunga mpaka utatseka windolo. Ndiye ana ambiri amaganiza kuti akalemba m'menemo, makina onse amva. Ayi ndithu. Kafayiloko ndi kako iwe. Kamawerengedwa iwe ukalowa basi.

“Amene amadzutsa pulogalamu yokopera 1 koloko masana si iwe. Ndi kuroni, wotchi ya makinawa. Kuroni salowera pakhomo pako, ndipo kafayilo kako sakawerenga. Ali ndi fayilo yakeyake. Mzerewu ukaulembe m'fayilo ya kuroni. Mawu achinsinsi otsegulira fayiloyo ali m'dirowa ya Abwana, ukawapemphe. Ukatero usakhulupirire windo lako. Dikira 1 koloko idutse, utsegule disiki yofiirayo, uone ndi maso ako kuti mwalowa za tsikulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

“Chomaliza, pulogalamu imeneyi uziiopa. Siganiza. Ntchito yake ndi kufananitsa basi. Chimene chili pa disiki yogwirira ntchito imachikopera pa yofiira. Chimene kuno kulibe, imakachichotsanso uko. Wamva?”

“Ndamva, bambo,” anatero Mphezi, maso ali kale pa sikirini.

“Wamva ndi makutu kapena ndi zala?”

“Ndi zonse, bambo. Basi ikusiyani.”

A Dekhani atatuluka, Mphezi anapita ku ofesi kukapempha mawu achinsinsi. Anapeza Abwana ali ndi alendo, chitseko chotseka. Anaima pakhonde mphindi zitatu, ndipo kwa Mphezi mphindi zitatu ndi chaka. Anabwerera, natsegula kafayilo kake koyambira, n'kulembamo:

export KOSUNGIRA=/disiki/yofiira

Anati ndi zongoyembekezera, adzakonza mawa. Anatsegula windo latsopano, n'kuyendetsa yekha pulogalamu yokopera. Mitu makumi awiri ndi isanu ndi itatu imene inali itawerengedwa pa nthawiyo inalowa yonse pa disiki yofiira, ndipo pansi pa sikirini panatuluka mawu oti: Zatheka.

Mawa lija silinafike. Lachisanu lililonse Mphezi ankatsegula windo lake, n'kufunsa makina kuti mu KOSUNGIRA muli chiyani. Makina ankamuyankha adiresi yolondola, pakuti anali atangowerenga kafayilo kake. Iye n'kuchonga pa pepala limene linali kuseri kwa chitseko, pa mzere wolembedwa kuti “Mawu asungidwa”. Anachonga kasanu ndi kamodzi. Disiki yofiirayo sanaitseguleko n'kamodzi komwe.

3. Lachiwiri m'mawa

Tsikulo Mphezi analowa m'kachipinda kake n'kumva kaphokoso kachilendo. Kha, kha, kha, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo pa tebulo. Kankachokera m'kompyuta yaikulu. Sikirini inali itauma.

Anathamangira kwa Abwana. Abwana anabwera, magalasi ali pamphumi, naweramira makinawo ngati kuti akawayang'ana mwaukali achira. Kenako anatsegula dirowa, n'kumupatsa Mphezi kapepala ka mawu achinsinsi kuti azimitse makina ndi kuwayatsanso.

Makina anayaka, koma disiki yogwirira ntchito sinadzuke. Foda ya mabuku inkatseguka ndithu, koma m'kati munalibe kanthu, ngati kabati yochotsedwa madirowa.

Abwana anaimbira a Dekhani, n'kukweza foni kuti onse amve.

“Dekhani, dekhani,” anatero mmisiriyo. “Disiki imafa, n'chifukwa chake tinagula yofiira. Zonse zili m'menemo. Mphezi, uli pomwepo?”

“Ndili pano, bambo.”

“Zula chingwe cha disiki yofiirayo pompano, uiike m'dirowa. Usatsegule fayilo iliyonse, usakonze chilichonse, ngakhale utaona chopindika. Makina odwala sapatsidwa mankhwala ndi anthu awiri. Ine ndikukwera basi, ndifika cha m'ma 3 koloko.”

Abwana anapuma mpweya wautali, natsitsa magalasi awo. “Koma mwanawe watipulumutsa,” anatero. “Pepala lako lija ndimaliona Lachisanu lililonse. Ana akabwera ndiwauza kuti lero kulibe kumvera, koma mawa zonse zikhala bwino.”

Anatuluka akuimba kamluzu. Kapepala ka mawu achinsinsi anakaiwala pa tebulo la Mphezi.

4. Mizere makumi anayi ndi iwiri

Mphezi anagwira chingwe cha disiki yofiira kuti achizule. Ndiye anati aone kaye m'kati, angowerenga mitu, mtima ukhale pansi.

Anatsegula. Mutu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anatsika mpaka pansi. Mutu wa 28. Pamenepo mndandanda unathera.

Anatseka, natsegulanso, ngati kuti mitu ina yabisala. Anayang'ana madeti. Fayilo iliyonse inalowa tsiku limodzi, tsiku limene a Dekhani ananyamuka.

Pulogalamu yokopera inali ndi kaundula wake, momwe inkalembamo mzere umodzi tsiku lililonse ikamaliza ntchito. Mphezi anautsegula koyamba chiyambire. Mzere wapamwamba unali uja wa tsiku loyamba: Zatheka. Pansi pake panali mizere makumi anayi ndi iwiri yofanana ndendende: Mu KOSUNGIRA mulibe kanthu. Sindikudziwa kosunga. Ndaima.

Kuroni anali akudzutsa pulogalamuyo 1 koloko iliyonse mokhulupirika. Pulogalamu inkatsegula envelopu, n'kupeza mulibe adiresi, n'kulemba dandaulo lake, n'kugona. Adiresi inali m'kafayilo ka Mphezi, kumene kuroni safika.

Mitu khumi ndi iwiri inali itapita. Mitu ya magetsi, ya chibadwa cha zamoyo, ya maginito, yomwe ija Mayi a Sayansi anawerenga akumwera madzi ofunda pakati pa ndime. Mzime anali atangofika pa mutu wa 25. Yomalizayo anali asanaimveko.

Mphezi anakhala pa mpando osagwedezeka. Mantha anamugwira, koma manyazi ndiwo anamugwira koposa. Pakhonde anamva Abwana akuuza mayi wosesa kuti ana a masiku ano sawaderera, onani kamtsikana aka.

Apa, owerenga, tiyeni tinene zoona. Zinthu zinali zitaipa, koma zinali zisanathe. Mitu makumi awiri ndi isanu ndi itatu inalipo. Mitu khumi ndi iwiri mphunzitsi wina akanatha kuiwerenga m'milungu iwiri, ngakhale mosakoma. Chimene chinkafunika ndi kuzula chingwe, kuyenda masitepe khumi pakhonde, ndi kugogoda pa chitseko cha Abwana.

5. Itatsala pang'ono 1 koloko

Mphezi sanagogode. Anakhala m'kachipindamo mpaka dzuwa linafika pamutu, akutsegula ndi kutseka kaundula uja. Kenako maso ake anagwera pa kapepala ka mawu achinsinsi.

Itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 1 koloko, anakankha chitseko ndi phazi, n'kuyamba. Anatsegula kafayilo kake koyambira, n'kudula mzere uja. Anatsegula fayilo ya kuroni ndi mawu achinsinsi, n'kuuika m'menemo. Anachotsanso liwu loyamba lija lakuti export, poti fayilo ya kuroni siilifuna. Ntchito ankaidziwa mwanayo, ndipo anaigwira mopanda cholakwika. Pomaliza anafufuta mizere makumi anayi ndi iwiri ija m'kaundula.

Tsopano aliyense wobwera akanapeza mzere uli pamalo ake. Akanati mwina disiki yofiira ndi yabodza, mwina chingwe, mwina magetsi. Zinthu za makina zili ndi zifukwa zambiri zonamizira.

Anatambasula dzanja kuti azule chingwe chija. Pomwepo chitseko chinatseguka.

“Mphezi, tabwera,” anatero Abwana. “Ndikulemba lipoti lopita ku komiti yoyang'anira nyumba ino. Ndikufuna undiuze bwinobwino mmene mumasungira mawu, ndilembe dzina lako pamwamba.”

“Ndikubwera, bwana, ndingomaliza kaye…”

“Ukumaliza chiyani? Si a Dekhani anati pasakhudzidwe kanthu? Tiye.”

Kunena kuti chingwe sichinazulidwebe kukanabweretsa mafunso. Mphezi anadzuka n'kuwatsatira.

Abwana ankalemba ndi zala ziwiri, ndipo liwu lililonse ankaliwerenga mokweza. Mphezi anaima pambali pawo akuyankha mwachidule. Wotchi yapakhoma itagunda kamodzi, iye anali akuwathandiza kupeza chilembo pa kiyibodi. Mawu a a Dekhani onena za kufananitsa anamubwerera patapita mphindi khumi. Anasiya chiganizo pakati, n'kuthamanga pakhonde.

Kagetsi ka disiki yofiira kanali katasiya kale kuphethira. M'kaundula munali mzere watsopano: Zatheka.

Kuroni anali atadzutsa pulogalamu pa nthawi yake. Ulendo uno mu envelopu munali adiresi. Pulogalamu inayang'ana foda ya mabuku, n'kupeza mulibe kanthu. Inapita pa disiki yofiira, n'kuifananitsa.

Mphezi anatsegula disikiyo. Munalibe mutu ngakhale umodzi. Anazula chingwe tsopano, naika disiki m'dirowa monga anamuuzira m'mawa, n'kukhala pansi pa simenti kuseri kwa chitseko. Sanalire.

6. A Dekhani afika

A Dekhani anafika 3 koloko itadutsa pang'ono, fumbi lili kunsapato. M'chipinda chomveramo ana asanu ndi atatu anali atakhala kale, akucheza. Mmisiriyo anawapatsa moni mmodzimmodzi, nalowa m'kachipinda, Abwana ali pambuyo.

Analumikiza disiki yofiira. Anayang'ana. Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, n'kuyang'ananso. Ulendo uno liwu lakuti dekhani silinatuluke pakamwa pawo.

Anayesa njira zonse zimene ankadziwa zobwezera zofufutidwa. Patapita ola anapeza kachidutswa kamodzi. Anakatsegula kuti amve. Munamveka Mayi a Sayansi akutsokomola, kenako akuti, “Mutu woyamba.” Basi. Masekondi anayi.

“Zachitika bwanji?” anafunsa Abwana.

“Pulogalamu yokopera yapeza kuno kulibe kanthu, ndiye yasesanso uko,” anayankha a Dekhani. “Ndinayenera kuilemba moti ikapeza foda yopanda kanthu izikana kugwira ntchito. Sindinatero. Pamenepo ndili ndi gawo langa.”

“Ndiye pulogalamu yanu ndiyo yadya miyezi isanu ya mayi amene ali gone m'chipatala?” Abwana anakuwa, moti macheza a ana anatheratu kuseri kwa khoma. “Mawa 9 koloko komiti ndi makolo akumana pano. Mukafotokoze nokha. Ine sindikakuikirani kumbuyo.”

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Za chingwe chimene chinayenera kuzulidwa m'mawa, mkwiyo unawaiwalitsa kufunsa.

A Dekhani anabwerera pa kiyibodi. Kenako analemba lamulo limodzi, n'kutembenuza sikirini kuti Mphezi aone. Makina amasunga nthawi imene fayilo iliyonse yasinthidwa. Pambali pa fayilo ya kuroni panalembedwa tsiku lomwelo, 12:41.

“Nthawi imeneyo ine ndinali m'basi, ndapanikizana ndi thumba la munthu,” anatero motsitsa mawu. “Khala pa mpando, mwana wanga. Sindikumenya.”

Mphezi anakhala, maso pansi.

“Ndikuona zimene zinachitika, sufunika kundiuza. Mzere uja unaulemba m'kafayilo kako, kuroni sanauone. Kumeneko ndi kulakwa kwa ntchito. Palibe mmisiri amene sanalakwepo chotero. Ine ndili mnyamata ndinazimitsapo makina a ofesi yonse masiku awiri chifukwa cha kadontho kamodzi. Ndinakanena, anandikalipira, ndinachita manyazi, koma ntchito inakonzeka. Kulakwa kwako koyamba kunatidyera mitu khumi ndi iwiri. Tikanalira, koma tikanapeza pogwira.

“Chachiwirichi si kulakwa kwa ntchito. Sunasunthe mzere uja kuti upulumutse mawu a mayi aja. Unausuntha kuti upulumutse nkhope yako. Ndipo taona, munthu akamabisa amafulumira, akafulumira saganiza za chimene chichitike 1 koloko. Ndinakuuza kuti usakonze ngakhale chopindika, chifukwa chopindikacho ndicho chinkatchinjiriza mitu makumi awiri ndi isanu ndi itatu ija. Iwe wachiwongola. Madzi akatayika saoleka, mwana wanga. Ana asanu ndi atatu ali kuseri kwa khomali, mmodzi ndi mng'ono wako, ndipo buku lawo kulibe.”

Apa ndi pamene Mphezi analira. Analira mogwira pakamwa kuti ana asamve.

“Bambo, mukawauza?”

“Ayi. Osati chifukwa chokumvera chisoni. Ndikakanena ine, iwe udzangokhala mwana amene anagwidwa, ndipo ukadzapita kwina udzabisa mochenjera kuposa apa. Mawu amenewa ayenera kutuluka pakamwa pako. Mawa ndikanena gawo langa lokha. Akandichotsa ntchito, andichotsa. Gawo lako uli nalo wekha mpaka 9 koloko.”

Anatenga chikwama chawo n'kutuluka. Pakhonde palibe mwana amene anawatsanzika.

7. Mzime

Ana ena anatengedwa ndi makolo awo mmodzimmodzi. Mphezi anasamba kumaso pampopi wakuseri, n'kulowa m'chipinda chomveramo. Mzime anali yekha pa tebulo lakumapeto, ndodo yake yoyera ili yopinda pamiyendo, mahedifoni ali m'khosi ngakhale munalibe choti amve.

“Achemwali, ndi zoona? Onse apita? Ngakhale mutu wa mtima uja?”

“Onse, Mzime.”

Mzime anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Pa tebulopo panali buku lenilenilo, lapepala, limene Mayi a Sayansi ankawerengamo. Analikankhira kumene kunkachokera mawu a mkulu wake.

“Tandiwerengerani mutu wa 26. Mwina tingathe ifeyo.”

Mphezi anatsegula. Ndime yoyamba anaiwerenga mothamanga, mpaka Mzime anamupempha kuti abwereze. Kenako anafika pa chithunzi cha diso la munthu, chodulidwa pakati, chokhala ndi mivi isanu ndi iwiri.

“Apa pali chithunzi,” anatero.

“Chikuoneka bwanji?”

“Ndi chozungulira. Kutsogoloku kuli kanthu kena, ndiye muvi ukuloza apa, wina ukuloza apo…”

“Apa ndi pati, achemwali?”

Mphezi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anayesanso, n'kusokoneza kumanja ndi kumanzere. Anatembenuza masamba kuona kuti zithunzi zatsala zingati. Zinalipo pafupifupi tsamba lililonse.

“Siyani,” anatero Mzime mofatsa. “Si vuto lanu. Inu ntchito yanu munaigwira, Abwana atiuza. Mnzanga wina amati mwina ndi inu, poti mumakhala m'menemo. Ndamuyankha kuti achemwali anga sangatero, akanakhala iwo akanabwera kudzandiuza okha.”

Mphezi anagwira m'mphepete mwa tebulo.

“Takambirana ndi anzanga,” anapitiriza Mzime. “Mawa pamsonkhano tikufuna tikanene kuti a Dekhani achoke. Munthu wamkulu sangatitayire chaka chonse n'kumangoti dekhani. Ndiye andisankha ine kuti ndikayankhule, poti ndili ndi mkulu wanga wodziwa makina.”

Anapisa m'chikwama, natulutsa silete yake yolembera timadontho. Anaikamo pepala lolimba, nalipana bwino, n'kugwira chobayira.

“Sindikufuna ndikaname pamaso pa anthu, achemwali. Ndiuzeni bwinobwino chimene chinachitika m'kachipinda muja, kuyambira m'mawa mpaka madzulo ano. Yambani, ndikulemba.”